Moto wa pa nkhondo ukatentha nkhalango, zowonongeka amaziwerengera bwanji?

Tiyamike:
Anzanga ndili ndi funso lomwe likundizunguza mutu. Akatswiri a European Union omwe amalondola moto ndi ma satelayiti, a EFFIS aja, anati mu 2024 mokha ku Ukraine kunapsa malo okwana mahekitala pafupifupi 965,000, kuposa kuwirikiza kawiri malo onse omwe anapsa m'maiko onse a EU chaka chomwecho. Kenako ndikumva kuti pali anthu omwe akuziwerengera zimenezi mu ndalama kuti tsiku lina Russia idzalipire. Nde munthu amayambira pati? Nkhalango yapsa chifukwa cha mizinga, amawerenga mitengo, utsi, nyama zomwe zafa, kapena chani kuti afike ponena kuti apa ndi madola mwakuti? Amene mukuzidziwa tithandizeni chonde.

Kondwani:
Achemwali pepani koma ine nkhani ngati izi zimandipweteka. Anthu akufa tsiku ndi tsiku, ana akugona pansi pa nthaka kuthawa mabomba, ife nkumakamba za mitengo? Tiyambe taona nkhondo itatha kaye.

a Gama:
Achimwene a Kondwani ndikukumvani, koma dikirani ndiyankhe kaye funsolo kenako muona kuti nkhani ya mitengoyi ndi ya anthu omwewo.

Choyamba mahekitala 965,000 aja si nkhalango yokhayokha ayi. Muli minda ya tirigu, muli madambo, muli tchire la udzu, nkhalango ndi gawo chabe. Izi nzofunika kwambiri chifukwa udzu ukapsa chaka chamawa umaphukanso, pomwe nkhalango ya paini ikapsa mpaka kunsonga ndiye kuti basi, mitengo yake imafuna zaka 80 mpaka 100 kuti ifike pokolola. Nde munthu akangotenga nambala yonse ija nkuchulukitsa ndi mtengo umodzi pa hekitala, wanama kale.

Mmene amachitira ndi chonchi. Ma satelayiti a NASA, omwe ali ndi makina a MODIS ndi VIIRS, amaona kutentha pomwe moto ukuyaka, ndipo aliyense atha kuona ulere pa FIRMS, mapu a moto a NASA a pa intaneti. Koma amenewa amangokuuzani kuti apa pakuyaka, ndipo kukakhala mitambo kapena utsi wambiri saona bwino. Kuti adziwe kukula kwa lupsa amatenga zithunzi za ma satelayiti a Sentinel-2 kapena Landsat, china moto usanadutse china utadutsa, nkuzifanizira. Masamba amoyo ndi makala zimabweza kuwala mosiyana, nde kompyuta imatha kusiyanitsa pomwe moto unangodutsa pansi nkutentha zinyalala ndi pomwe unakwera mpaka mmwamba nkupha chilichonse. Nthawi ya mtendere akatero amatuma anthu kukayenda mnkhalangomo kukatsimikiza, kuyeza mitengo, kukumba nthaka. Pa nkhondo gawo limeneli kulibe, palibe angalowe, nde manambala onse omwe mukuwamva ndi oonera kumwamba.

Tiyamike:
Zikomo a Gama. Nde kutanthauza kuti manambalawo sitingawakhulupirire?

a Gama:
Kukula kwa malo opsa tingakhulupirire ndithu, kusiyana kwake sikukhala kwakukulu. Pomwe pamavuta ndi ponena kuti mitengo ingati yaferatu, chifukwa paini wina amaoneka wamoyo chaka choyamba kenako tizilombo tofukula makungwa timamumaliza patapita zaka ziwiri zitatu. Ndiponso povuta kwambiri ndi ponena kuti moto uwu wayamba chifukwa cha nkhondo kapena ukanayaka ndi kale.

Nachisale:
Apo ndi pomwe ndimafuna kulowera. Mu 2024 chilimwe chinali chouma komanso chotentha kwambiri ku Ukraine, nde ngakhale kukanakhala mtendere moto ukanakhalapo. Ukapita ku khothi nkunena kuti zonsezi ndi nkhondo, loya wa mbali inayo akugwetsa tsiku lomwelo. Omwe amawerengera mosamala amatenga zaka zambuyo nkhondo isanayambe nkuona kuti malo amenewa pa nyengo yotere amapsa mochuluka bwanji, kenako amaona malo oyandikana ndi pomwe akumenyanapo kuti apsa mochuluka bwanji, kusiyana kwakeko ndi komwe amati ndi kwa nkhondo. Ndipo ukaona mapu a moto a chaka chimenecho mzere wa moto ukutsatira ndendende mzere wa pomwe asilikali ayang'anizana, zimenezo si nyengo ayi.

Koma ineyo mfundo yanga ndi yoti nkhondo sikuti imangoyatsa moto, imaletsa kuzimitsa. Kamoto komwe nthawi ya mtendere kakanazimitsidwa katatentha mahekitala awiri, pa nkhondo kamayaka sabata yonse chifukwa ozimitsa moto akalowa ma droni awawombera, ndege zothira madzi sizingauluke, galimoto zina zinaphwanyidwa zina zinalandidwa, ndipo mnjira zonse muli mabomba okwirira. Nde ngakhale moto woyamba ndi mphenzi kapena ndudu, kukula kwake ndi kwa nkhondo basi.

Bambo a Yamikani:
Ana anga nkhaniyi si ya lero. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mu 1940, a Britain ankaponya timapepala ta mankhwala oyaka mnkhalango za Germany kufuna kuti zipse, sizinayende. A Japan pakati pa 1944 ndi 1945 anaulutsa mabaluni oposa 9,000 onyamula mabomba kuti mphepo iwafikitse ku America akatenthe nkhalango, moto weniweni sunayake chifukwa inali nyengo yozizira ndi yonyowa, koma limodzi linapha anthu 6 ku Oregon mu May 1945, asanu mwa iwo anali ana. Ku Vietnam a America anayesa dala kutentha nkhalango, mu 1965 ku Boi Loi komanso mu 1967 pa zomwe ankazitcha Pink Rose, anayamba athira mankhwala oumitsa masamba kenako nkuponya mabomba a moto, koma nkhalango ya kumeneko ndi yachinyezi moti moto sunkafalikira mmene ankafunira. Chomwe chinawononga kwambiri ndi mankhwalawo, malita oposa 70 miliyoni pakati pa 1962 ndi 1971, Agent Orange ndi anzake.

Chomwe ndikufuna muone ndi zomwe zinatsatira. Pomwe mitengo inafa panamera udzu wolimba womwe umapsa chaka ndi chaka nyengo youma, nde mbande iliyonse yomwe ikufuna kumera moto umaipha, malo ena mpaka patadutsa zaka makumi angapo anali udzu okhaokha. Amene anawerengera zowonongeka mu 1975 akanawerenga mitengo yomwe inafa nthawiyo basi, moto wa zaka zotsatirazo sakanauona.

Kondwani:
Bambo zonsezo nzoona koma funso langa silinayankhidwe. Kodi ndalama ndi nthawi yomwe ikuthera pa kuwerenga mitengoyi sizikanathandiza anthu ovulala?

Mayi a Chisomo:
Achimwene, ine ndimagwira ntchito ya zaumoyo nde ndikuyankheni kuchokera mbali imeneyo. Utsi wa nkhalango uli ndi tinthu ting'onoting'ono tomwe timalowa mpaka mkati mwa mapapo nkudutsira mmagazi, ndipo anthu a mphumu, a mtima, okalamba, makanda ndi amayi oyembekezera ndi omwe amayamba kuvutika. Utsiwo umayenda makilomita mazanamazana, sufunsa kuti uyu ndi msilikali uyu ndi mwana. Imfa zimenezi sizilembedwa kuti ndi za nkhondo, zimalembedwa kuti mtima kapena chibayo, nde ngati palibe wowerenga utsi anthu amenewa amangosowa mmabuku. Ndiye kwa ine kuwerenga nkhalango yopsa ndi kuwerenga anthu omwewo amene inu mukuwadandaula.

Komanso musaiwale Chernobyl. Nkhalango yozungulira pamenepo inamwa poizoni wa nyukiliya wa mu 1986, caesium-137 ndi strontium-90, yemwe amatenga zaka pafupifupi 30 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Ali mmitengo, mmasamba ogwa, mu nthaka ya pamwamba. Moto ukadutsa umamunyamula mu utsi ndi phulusa. Mu April 2020 kunayaka moto waukulu kumeneko utsi nkuphimba Kyiv, ngakhale akatswiri anapeza kuti poizoni yemwe anafika mu mzindawo anali wochepa kwambiri, koma ozimitsa moto omwe amaima pa utsi pomwepo ndi nkhani ina. Mu 2022 asilikali a Russia anakhala mderalo kuyambira 24 February mpaka kumapeto kwa March, nthawi imeneyo moto unayaka ndipo ozimitsa sankatha kugwira ntchito momasuka.

Kondwani:
Za utsizo ndazimva mayi, nzomveka. Koma za madola mabiliyoni zomwe amalengeza zija ine ndimaona ngati ndi manambala a ndale.

Nachisale:
Achimwene tiyeni tiwaphwanye manambalawo muone mkati mwake. Gawo losavuta ndi matabwa, mumadziwa kuti pa hekitala panali matabwa ochuluka bwanji ndipo pa msika amagula zingati, mumachotsera zomwe mungapulumutse. Koma ngakhale apa nkhondo imasokoneza, mtengo womwe sunapse umakhala ndi zidutswa za zitsulo za mabomba mkati, kampani yocheka matabwa siufuna chifukwa umathyola macheka komanso utha kuvulaza wocheka. Ku France mpaka lero mitengo ya mmadera momwe munamenyedwa nkhondo zikuluzikulu za dziko lonse zija amayamba aipima ndi makina ofufuza zitsulo asanaicheke. Gawo lachiwiri ndi ndalama zobwezeretsa, nazale, kudzala, kupalira, kuteteza ku moto kwa zaka zambiri. Gawo lachitatu ndi ntchito zomwe nkhalango imagwira popanda wolipira, kusunga madzi, kugwira nthaka, kutchinga mphepo, bowa ndi zipatso ndi uchi zomwe anthu a mmidzi amapezamo, alendo odzaona malo. Kuwerenga matabwa okha kuli ngati nyumba yapsa inu nkumawerenga malata okha.

Nde pali kaboni, ndipo apa ndi pomwe pamachokera mabiliyoni. Gulu lina la akatswiri, Initiative on GHG Accounting of War, lomwe amalitsogolera Lennard de Klerk, linawerengera kuti zaka zitatu zoyamba za nkhondo ya ku Ukraine zinatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wokwana matani pafupifupi 230 miliyoni, kuphatikiza mafuta a akasinja ndi ndege, simenti ndi zitsulo zomangiranso nyumba, komanso moto wa mnkhalango ndi mminda womwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Anachulukitsa ndi madola 185 pa tani nkupeza madola oposa 42 biliyoni. Tsono 185 ameneyo si mtengo wa pa msika, ndi chiyerekezo cha zomwe tani imodzi idzawononge padziko lonse mtsogolo, chilala, kusefukira kwa madzi, matenda ndi zina. Boma la America mu 2021 linkagwiritsa ntchito madola 51 pa tani, mu 2023 a EPA, bungwe la bomalo loona zachilengedwe, anakweza kufika 190. Mukuona, utsi ndi womwewo koma bilu itha kukula pafupifupi kanayi kungotengera nambala yomwe mwasankha.

Tiyamike:
Iii nde kusiyana konseku kumachokera pati?

Nachisale:
Kwambiri kumachokera pa mmene mukuonera za mtsogolo. Azachuma amati dola ya mawa ndi yochepa mphamvu kuposa ya lero, nde amachotsera peresenti chaka chilichonse. Tiyerekeze nkhalango idzakupatsani madola 100 patapita zaka 80. Mukamachotsera 3 peresenti pa chaka, lero ndi madola 9 ndi timasenti. Mukamachotsera 1 peresenti, ndi madola 45. Palibe wanama pa awiriwa, koma wina wasankha kuti zidzukulu ndi zotsika mtengo. Ine ndimaima ndi peresenti yotsika pa nkhani ya nkhalango, chifukwa omwe adzakhale opanda mthunzi ndi madzi mu 2090 sanapezeke pomwe ankagamula zoyamba nkhondo.

a Gama:
Achemwali a Nachisale ndikugwirizana nanu pa zambiri koma pa kaboni ndili ndi nkhawa. Nkhalango ikameranso imamwanso kaboni uja, nde wina atha kunena kuti iyi ndi ngongole ya kanthawi osati kutaya. Yankho ndi loti zimatengera ngati idzamerenso, ndipo apa ndi pomwe ine ndimadandaula kwambiri. Paini wambiri wa kummawa ndi kummwera kwa Ukraine si wachilengedwe, anachita kudzala anthu pa mchenga, mmbali mwa mtsinje wa Siverskyi Donets komanso kuzungulira mchenga wa Oleshky ku Kherson, cholinga kuti mchenga usamayende ndi mphepo nkukwirira minda ndi midzi. Anadzala nthawi yomwe nyengo inali yozizirirako ndi yonyowerako kuposa lero. Nkhalango ya Serebriansky kufupi ndi Kreminna, paki ya Sviati Hory, ku Kinburn, malo onsewa apsa kwambiri, ndipo palibe angalonjeze kuti mbande ya paini yodzalidwa pa mchenga wotentha wa masiku ano igwira. Ikapanda kugwira ndiye kaboni sabwerera, komanso mchenga uyambanso kuyenda, ndipo bilu yake idzagwera mlimi yemwe munda wake uli kumbali komwe mphepo imalowera.

Akatswiri ena a zachilengedwe kumeneko akuti nkulakwa kubwezeretsa paini yekhayekha mmizere ngati kale, chifukwa nkhalango yotero ndi yomwe imapsa mosavuta, bola kusakaniza ndi mitengo ya masamba aakulu, ndipo malo ena omwe kale anali tchire la udzu angosiyidwa abwerere mwakale. Ine ndikuona kuti akunena zoona. Koma onani mmene zikusokonezera mawerengero, mukati mtengo wobwezeretsa, mukubwezeretsa chani, zomwe zinalipo kapena zomwe zikuyenera kukhalapo?

Bambo a Yamikani:
A Gama, kubwezeretsa nkotheka anthu akalimbikira. Ku Can Gio kufupi ndi Ho Chi Minh City ku Vietnam mitengo ya mmadzi a mchere ija inawonongeka kwambiri ndi mankhwala a nkhondo, anayamba kudzalanso mu 1978, pofika 2000 a UNESCO anawazindikira malowo ngati osungirako zachilengedwe. Zaka 22 za thukuta. Koma kumeneko anthu ankatha kulowa nkudzala. Nkhani ya mabomba otsala ija musaipeputse, ku Verdun ku France nkhondo inatha mu 1918 koma mpaka lero amafukulabe zipolopolo za mizinga zosaphulika mnkhalango, ndipo malo ena ndi oletsedwa. Ku Germany mu 2019 nkhalango ya ku Lübtheen, pomwe kale asilikali ankaphunzirirapo kuwombera, inayaka masiku angapo ozimitsa moto akungoonera patali chifukwa zida zakale zinkaphulika ndi kutentha, midzi yoyandikana anaisamutsa. Dziko lolemera, la zipangizo zonse, pa mtendere, koma linagwira njakata.

a Gama:
Ndendende bambo. Ndipo ku Syria mu July 2025 zinachitikanso, moto wa kumapiri a Latakia unatentha mahekitala oposa 10,000 ndipo ozimitsa moto ankalephera kufika malo ambiri chifukwa cha mabomba okwirira ndi zida zotsala za nkhondo ya zaka 13 ija. Boma la Assad linali litagwa kale mu December 2024 koma nkhondo inali ikutenthabe mitengo. Kuchotsa mabomba mnkhalango ndi ntchito yochedwa komanso yodula kuposa mmunda, makina akuluakulu sangadutse pakati pa mitengo, pali timawaya tobisika mu udzu, munthu amachita kuyenda pang'onopang'ono ndi kachipangizo mmanja. Ndipo maiko amayamba ndi misewu, nyumba, minda, nkhalango imakhala kumapeto kwa mzere, zomwe nzomveka. Nde kwa zaka makumi angapo nkhalangoyo idzakhala ikupsa mobwerezabwereza popanda wozimitsa, mitengo yakufa ili mbwee kudikira moto wina. Kwa ine ichi ndiye chowonongeka chachikulu kuposa moto woyamba uja, ndipo mmalipoti ambiri simuchipeza chifukwa sichinachitike, chikubwera.

Kondwani:
Chabwino mwawerenga zonsezo, matabwa, utsi, kaboni, mabomba. Alipo analipirapo? Ndiuzeni dziko limodzi lokha.

Madalo:
Lilipo achimwene, Iraq. Itagonja pa nkhondo ya ku Kuwait mu 1991, Security Council ya UN pa chigamulo nambala 687 inanena poyera kuti Iraq ili ndi mlandu wa zowonongeka zonse kuphatikiza zachilengedwe, ndipo anakhazikitsa komishoni ya chipukuta misozi ya UN. Kumeneko sizinali nkhalango, zinali zitsime za mafuta zoposa 600 zomwe zinayatsidwa komanso mafuta otayikira mnyanja, koma njira yake ndi yomwe aliyense amaiyang'ana. Maiko anapempha madola pafupifupi 85 biliyoni pa zachilengedwe, anapatsidwa pafupifupi 5.3 biliyoni. Zambiri zinakanidwa chifukwa cha umboni wosakwanira, kulephera kuonetsa kuti kuwonongekako kunabwera ndi nkhondo osati zina. Ndalamazo zinkadulidwa pa mafuta omwe Iraq inkagulitsa ndipo inamaliza kulipira ngongole yonse ya 52.4 biliyoni mu 2022.

Ku khothi la dziko lonse ku The Hague zinthu ndi zolimbanso kwambiri. Mu 2018 pa mlandu wa Costa Rica ndi Nicaragua, wokhudza mitengo yodulidwa ndi ngalande zokumbidwa mdambo la mmalire, khothilo linavomera koyamba kuti kuwononga chilengedwe pakokha nkoyenera chipukuta misozi, koma Costa Rica inapempha madola pafupifupi 6.7 miliyoni nkupatsidwa 378,890 basi. Mu 2022 pa mlandu wa DR Congo ndi Uganda, Congo inapempha zoposa 11 biliyoni, inapatsidwa 325 miliyoni, ndipo mwa zimenezi 60 miliyoni ndi za chuma cha mnthaka ndi mnkhalango chomwe chinabedwa. Dandaulo la kuwonongeka kwa chilengedwe chifukwa cha kutha kwa nkhalango linakanidwa poti panalibe umboni wokwanira. Nkhondoyo inali ya pakati pa 1998 ndi 2003, umboni mukaufuna patapita zaka 20 muupeza kuti?

Nchifukwa chake achimwene a Kondwani sindikugwirizana nanu kuti tidikire nkhondo ithe. Lupsa limamera udzu, maenje a mizinga amakwiririka, mboni zimabalalika kapena kufa. Wosalemba lero sadzalandira kanthu.

Tiyamike:
A Madalo nanga malamulo a nkhondo saletsa kutentha nkhalango?

Madalo:
Amaletsa koma ali ndi zibowo zazikulu. Pangano la mu 1980 la zida zina za nkhondo, gawo lake lachitatu, limaletsa kuwombera nkhalango ndi zida zoyatsa moto, koma likupitiriza kuti pokhapokha ngati mnkhalangomo mwabisala asilikali kapena zida. Nanga pa nkhondo ya masiku ano, ma droni ali mmwamba usana ndi usiku, msilikali angabisale kuti kupatula pansi pa mitengo? Nde pafupifupi nkhalango iliyonse yapafupi ndi pomenyanirana ikulowa mu chibowo chimenechi. Komanso mabomba wamba omwe ndi amene amayatsa moto wambiri sali mgulu la zida zoyatsa moto, ngakhale white phosphorus, mankhwala oyaka akakumana ndi mpweya, yemwe a Human Rights Watch ndi Amnesty International anaonetsa kuti Israel inagwiritsa ntchito kummwera kwa Lebanon mu October 2023 amazemba lamuloli poti amati ntchito yake yeniyeni ndi kupanga utsi wobisalira. Kumeneko minda ya maolivi ndi nkhalango zinapsa, ndipo mbali inayo maroketi ndi ma droni a Hezbollah anatentha nkhalango za ku Galileya mu 2006 komanso mu 2024.

Pangano lowonjezera la Geneva la mu 1977 limaletsa kuwononga chilengedwe, koma kuwonongako kukhale kwa dera lalikulu, kwa nthawi yaitali, komanso koopsa, zitatu zonse pamodzi, ndipo nthawi yaitaliyo ambiri amaimva ngati zaka makumi angapo. Lamulo la ICC, khothi lina la ku The Hague loweruza anthu pa milandu ya nkhondo, lili ndi mawu ofanana nkuwonjezeranso kuti kuwonongako kuposeretu phindu la nkhondo lomwe ankayembekezera. Mpaka lero palibe yemwe khothilo lamupeza wolakwa pa ndime imeneyi. Mu September 2024 Vanuatu, Fiji ndi Samoa anapempha kuti kuwononga chilengedwe koopsa kukhale mlandu woima pawokha ku ICC, nkhaniyo ikadali pa tebulo.

Mayi a Chisomo:
Ine chomwe chikundikhudza pa zonsezi ndi choti palibe watchulapo nyama ndi mbalame. Moto wa nthawi yomwe mbalame zili pa mazira umapha mbadwo wonse wa chaka chimenecho, akamba, njoka, tinyama tating'ono sitithawa. Ku Kinburn kuja ndi malo omwe mbalame zoyenda maulendo ataliatali zimapumira. Zimenezi mumaziika pa madola angati?

Nachisale:
Mayi pali njira ziwiri ndipo zonse ndi zopunduka. Ina amafunsa anthu kuti mungalolere kulipira zingati kuti malo akutiakuti asungidwe, koma yankho limatengera kulemera kwa wofunsidwa, nde mbalame ya kudziko losauka imatuluka yotchipa kuposa ya kudziko lolemera, zomwe ine sindingazivomere. Ina, yomwe komishoni ya Kuwait ija inailola, siika mtengo pa nyama ayi, imafunsa kuti malo awa asiya kugwira ntchito yake kwa zaka zingati, nde pangafunike kukonza kapena kuteteza malo ena aakulu bwanji kuti zifanane, bilu nkukhala ya ntchito imeneyo. Iyi ndimaiona yabwinoko chifukwa ndalama imapita ku nthaka osati mthumba la boma basi. Koma mtundu wa chomera womwe umapezeka malo amodzi okha padziko ukatha, palibe malo ena omwe mungakonze kuti ubwerere, pamenepo masamu athera.

Kondwani:
Nde tinene kuti ndalamazo zapezeka. Mayi wa kumudzi yemwe ankadalira nkhalangoyo, ming'oma yake ya njuchi inapsa, nkhuni sangakatole chifukwa cha mabomba, iyeyo alandirapo kanthu? Kapena zonse zipita ku likulu? Apa ndi pomwe ine mtima wanga uli.

Madalo:
Funso limenelo ndi lolemera achimwene ndipo mmbuyomu anthu otere ndi omwe amatsalira. Chipukuta misozi cha zachilengedwe nthawi zambiri chimaperekedwa ku boma chifukwa nkhalango zambiri ndi za boma, ku Ukraine pafupifupi zonse. Mu May 2023 maiko a Council of Europe atakumana ku Reykjavik anakhazikitsa kaundula wa zowonongeka za nkhondo ya ku Ukraine, ofesi yake ili ku The Hague, ndipo munthu wamba atha kulembetsa yekha za nyumba, katundu, kuvulala kapena imfa ya m'bale wake, pomwe za chilengedwe zili mbali ya boma. Nde ming'oma yomwe inapsa atha kuilemba ngati katundu wake ngati ali ndi umboni, koma bowa ndi nkhuni zomwe sadzatolanso kwa zaka 30 nzovuta kuzionetsa pa pepala poti analibe chikalata chilichonse cha nkhalangoyo. Komanso kaundulayo amangolemba, salipira. Ndalama za banki yaikulu ya Russia zomwe maiko a azungu anazitsekera ndi pafupifupi madola 300 biliyoni, zambiri zili ku kampani yosunga chuma ya Euroclear ku Belgium, ndipo pa mzere wodikira ndalama zimenezo pali nyumba, magetsi, milatho, sukulu ndi zipatala.

a Gama:
Nchifukwa chake ine ndikanakonda kuti pa bilu iliyonse ya nkhalango, ndalama yochotsera mabomba ndi yogulira zipangizo za ozimitsa moto ilembedwe payokha ndipo iyambe kutuluka osadikira khothi. Pali njira zothandizira ngakhale mabomba asanachotsedwe onse, kulambula mizere yotchinga moto mmbali mwa midzi, kuyeretsa kaye misewu ya mnkhalango kuti galimoto za madzi zizidutsa, galimoto zokhala ndi zitsulo zoteteza ku zophulika, ma kamera ndi ma droni oona moto ukadali waung'ono. Mayi amene mukumunena uja a Kondwani, chomwe chingamupulumutse chilimwe chikubwerachi ndi mzere wolambulidwa pakati pa nyumba yake ndi paini wouma uja.

Tiyamike:
A Gama, mapu a FIRMS mwatchula aja, munthu wosaphunzira za ma satelayiti angathe kusiyanitsa moto wa mnkhalango ndi wa mmunda kapena wa fakitale yomwe yaphulitsidwa? Ndikufuna ndiyambe kumaona ndekha.

a Gama:
Mungathe achemwali. Kadontho kofiira kamangosonyeza kutentha basi, nde yatsani chithunzi cha pansi kuti muone ngati kali pa mitengo, pa munda kapena pa nyumba. Moto wa mmunda umayaka tsiku limodzi nkuzima ndipo umatsatira malire a mundawo, wa mnkhalango umakhala masiku angapo madontho akusuntha kutsatira mphepo, pomwe fakitale ya zitsulo kapena pomwe amawotcha gasi kadontho kamakhala pamalo omwewo tsiku lililonse. Sankhani masiku 7 mmalo mwa maola 24 kuti muone kayendedwe kake, ndipo tsiku lomwe kuli mitambo musaganize kuti moto wazima.